Mpingo Woyamba ndi Malembo a Ahebri

Akristu oyamba analibe Cipangano Catsopano. Pamene Paulo anali kulemba akalata ace, m'zaka za pakati pa 50 ndi 60 A.D., mabuku anai a Uthenga Wabwino anali asanalembedwe. Cifukwa cace atumwi pochula Malembo anali kunena za Cilamulo ca Mose, Aneneri ndi Masalmo, ndiwo mabuku a Ayuda.

Ambiri a iwo sanawerenga mabukuwo m'Cihebri ai. Monga caka ca 250 B.C. Ayuda okhala ku Alexandria, m'dziko la Aigupto, anayamba kuwatembenuzira m'Cigriki, ndipo buku limenelo lichedwa Septuagint. Popeza Cigriki cinamveka m'midzi yaikuru ya ufumu wa Aroma, alaliki anagwiritsa nchito buku lomwelo posonyeza kuti Yesu ndiye Mesiya wolonjezedwa uja.

Koma patapita nthawi mlandu unabuka. Munthu wina dzina lace Marcion, mwini zombo wa ku Sinope, anafika ku Roma naphunzitsa kuti Mulungu amene analenga dziko napatsa Mose Cilamulo ndi wina, Atate wa Yesu ndi winanso. Motero anataya Malembo onse a Ahebri, nasunga Uthenga wa Luka wokha, atacotsamo zina, pamodzi ndi akalata 10 a Paulo. M'caka ca 144 mpingo wa ku Roma unamcotsa, numbwezera ndalama zambiri zimene anapereka. Komabe omtsata anamanga mipingo yao imene inakhalitsa zaka mazana angapo.

Akuru a mpingo sanakhala cete. Irenaeus, bishopo wa ku Lyon, anamtsutsa monga caka ca 180, ndipo Tertullian wa ku Carthage, kumpoto kwa Africa, analemba mabuku 5 otsutsana naye monga caka ca 207. Iwo anaona kuti ngati Mlengi sali Atate wa Yesu, ndiye kuti dziko, thupi ndi ukwati ziri zonyozeka. Ndipo zoonadi Marcion analetsa obatizidwa ace kukwatira. Anaonanso kuti pocotsa Aneneri, Yesu atsala ngati mlendo wopanda mtundu, wosadziwika kumene acokera.

Mlandu umenewu unafulumiza mpingo kulingalira bwino za mabuku oyenera kuwerengedwa pa msonkhano. Potsiriza unasunga akale ndi atsopano pamodzi, nuwacha Cipangano Cakale ndi Cipangano Catsopano. Mphunzitsi wofotokozera ana nkhani ya Abrahamu kapena ya Yosefe ali kugwira buku limene likadatayika, akadapambana Marcion.