Banja Latha ndi Msilikali wa British Army: Zoyenera Kuchita Khoti Likagamula

Kuyambira zaka za m'ma 2000, abale athu ambiri akhala akugwira ntchito ya usilikali mu British Army, ndipo ena anabweretsa mabanja awo kuno ku Britain. Banja lotere likatha, chikalata cha khoti sichimaliza zonse. Nyumba, viza ndi penshoni zili ndi masiku ake owerengeka. Zotsatirazi ndi za ku England ndi Wales. Ku Scotland malamulo ena ndi osiyana.

1. Chikalata cha khoti

Chikalata chothetsa ukwati chimatchedwa final order kuyambira mu April 2022. Kale chinkatchedwa decree absolute. Chisungeni bwino. Koma dziwani kuti chikalatachi sichigawa katundu. Za ndalama zimafuna chigamulo chakechake, financial order. Mukalowa m'banja lina musanapemphe chigamulochi, mukhoza kutaya mwayi wopempha gawo lanu.

2. Nyumba

Amene akukhala m'nyumba ya asilikali amapatsidwa masiku 93 oti atulukemo. Masikuwa amayamba msilikali akalembetsa kuntchito kuti banja lapatukana, nthawi zambiri khoti lisanagamule n'komwe. Kalata ikangofika, pitani nayo ku khonsolo ya dera lanu tsiku lomwelo. Osadikira sabata yomaliza.

3. Viza

Ngati viza yanu inachokera pa ukwatiwo, lamulo likuti muuze Home Office kuti mwalekana. Iwo akhoza kuifupikitsa, kawirikawiri kufika pa masiku 60. Njira zina zilipo: kukhala ngati kholo la mwana amene ndi nzika ya Britain kapena wakhala kuno zaka 7, kapenanso kupempha chilolezo chokhazikika ngati banja linatha chifukwa cha nkhanza. Amene ali kale ndi indefinite leave to remain, chilolezo chawo sichitha. Funsani loya wovomerezeka, osati zomva kwa anzanu kutchalitchi.

4. Penshoni

Penshoni ya asilikali ili mitundu itatu: AFPS 75, AFPS 05 ndi AFPS 15. Ngati khoti lapereka pension sharing order, onetsetsani kuti mapepala onse afika ku Veterans UK, chifukwa miyezi inayi yokonzera gawo lanu imayamba iwo akalandira zonse. Ndalamazo sizibwera lero. Mudzalandira mukakwanitsa zaka zimene malamulo a penshoniyo amanena. Mukabwerera kumudzi, auzeni adiresi yatsopano.

5. Ana

Ngati simukugwirizana za ndalama zolerera ana, Child Maintenance Service imawerengera ndalamazo potengera malipiro a kholo limene silikhala ndi anawo. Kupita ndi mwana kunja kwa dziko, ngakhale kukaona agogo ku Malawi, kumafuna chilolezo cha kholo linalo kapena cha khoti. Amene ali ndi chigamulo chakuti mwana azikhala naye akhoza kutuluka naye mpaka masiku 28, ngati khoti silinaletse.

6. Kwa msilikali mwini

Sinthani dzina la wachibale wodziwitsidwa pangozi, dzina la wolandira ndalama mukamwalira, komanso wilo yanu. Tsekani akaunti ya kubanki imene munkagwiritsa ntchito limodzi.

Kopeza thandizo

Army Families Federation ili ndi anthu oona za mabanja ochokera m'maiko a Commonwealth. SSAFA imathandiza pa za pokhala, ndipo Citizens Advice imapereka malangizo kwaulere. Popita kumeneko tengani final order, pasipoti ndi kalata ya nyumba.