Conformity

Conformity ndi liwu la Chingerezi lotanthauza kutsata mwambo, malamulo kapena machitidwe amene anthu ambiri pamalo amawavomereza. Linachokera ku liwu la Chilatini, conformare, kutanthauza kuumba chinthu kuti chifanane ndi chinzake. Munthu wotsata amatchedwa conformist, ndipo wokana kutsata ndi nonconformist.

M'mbiri ya mpingo

Ku England liwuli linatchuka pa nkhani za chipembedzo. Lamulo la Act of Uniformity la chaka cha 1662 linakakamiza abusa onse a Church of England kupembedza motsata buku la mapemphero lotchedwa Book of Common Prayer. Abusa pafupifupi 2,000 anakana ndipo anachotsedwa pa maudindo awo. Iwowa, pamodzi ndi Akhristu a mipingo ngati Baptist ndi Quaker, anayamba kutchedwa Nonconformists.

Mpingo wa Anglikani womwewu unafika ku Nkhotakota mu 1894 kudzera mwa amishonale a UMCA, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa nyanja ya Malawi mu 1895, anaikidwa komweko. Koma kugombeko amishonalewa ndiwo anali alendo. Anapeza Chisilamu chimene chinabwera ndi a Jumbe m'zaka za m'ma 1840, komanso miyambo ya Achewa monga chinamwali ndi Gule Wamkulu. Munthu wobatizidwa, amene ku England akanawerengedwa ngati conformist, kumudzi kwawo anali wopatuka pa mwambo wa makolo.

Kumasulira kwake

"Kutsata mwambo" ndiko kumasulira koyandikira, koma sikufanana ndendende. M'Chichewa mwambo umatanthauzanso ulemu ndi khalidwe labwino, kotero kunena kuti mwana alibe mwambo ndi kumudzudzula iye ndi omulera omwe. Chingerezi cha masiku ano nthawi zambiri chimatembenuza zimenezi: conformist ndi mawu onyoza munthu wongotengeka ndi gulu, pamene nonconformist akhoza kukhala mawu oyamikira.

Tanthauzo la kutengeka ndi gululi ndilo limapezeka m'maphunziro a kaganizidwe ka anthu. Mu 1951 Solomon Asch, ku America, ankafunsa anthu funso losavuta la kutalika kwa mizere, anzawo m'gulumo atapangana kuyankha zolakwika mwadala. Pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse anagwirizana ndi yankho lolakwikalo kamodzi kapena kuposerapo.

Pa zamalonda liwuli silinyoza: bungwe la Malawi Bureau of Standards limaligwiritsa ntchito poona ngati katundu akukwaniritsa miyezo yovomerezeka.