Zisudzo Zoyendayenda ndi Msonkhano wa ku Chalimbana wa 1979

Zisudzo zoyendayenda ndi zisudzo zimene eni ake sadikira kuti anthu awapeze m'holo. Amanyamula ng'oma, zovala ndi sewero lawo n'kulondola anthu kumene ali, kaya ndi pabwalo la sukulu, pamsika kapena pansi pa mtengo kwa amfumu. M'mbiri ya zisudzo zotere ku Zambia, dzina la Chalimbana, m'boma la Chongwe, limamveka kawirikawiri chifukwa cha msonkhano umene unachitikira kumeneko mu Ogasiti 1979. Pamsonkhanowo panakumana ochita zisudzo a ku Zambia, anzawo ochokera m'maiko oyandikana nawo, ndi aphunzitsi ochokera kutsidya la nyanja, ena mwa iwo a ku Britain. Iwo sanabweretse sewero lolembalemba. Anayamba apita m'midzi kukafunsa anthu zimene zikuwasowetsa mtendere, ndipo masewero anawaumba kuchokera pa zimene anamvazo.

Malo ake

Boma la Chongwe lili m'chigawo cha Lusaka, kum'mawa kwa mzindawo, m'mbali mwa msewu waukulu wa Great East wopita ku Chipata ndi ku Malawi. Tauni ya Chongwe ili pamtunda wa makilomita oposa 40 kuchokera ku Lusaka. Eni nthaka ndi Asoli, ndipo mfumu yawo yaikulu m'derali ndi Nkomeshya Mukamambo II, amene chaka ndi chaka amatsogolera mwambo wopempha mvula wa Chakwela Makumbi. Chinyanja chimamveka pamsika ndi m'mabasi, koma chilankhulo cha pakhomo m'midzi yambiri ndi Chisoli. Mfundo imeneyi inadzavuta kwambiri mu 1979.

Ku Chalimbana kunakhazikitsidwa sukulu yosula aphunzitsi mu 1939, m'nthawi ya atsamunda. Pambuyo pa ufulu inasanduka koleji yopititsa patsogolo aphunzitsi amene ali kale pantchito, ndipo lero ndi Chalimbana University. Panali malo ogona, holo ndi midzi pafupi, zinthu zitatu zimene msonkhano ngati wa 1979 umafuna.

Zisudzo za m'holo ndi alendo ochokera ku Britain

Dziko lisanalandire ufulu mu 1964, zisudzo za pansanja ku Northern Rhodesia zinali m'manja mwa azungu ogwira ntchito m'boma ndi m'migodi. Anamanga timaholo tawo m'matauni a m'mbali mwa njanji, monga ku Lusaka, Kabwe, Ndola, Kitwe, Mufulira ndi Chingola, ndipo mu 1952 anapanga bungwe la Northern Rhodesia Drama Association, limene pambuyo pake linadzatchedwa Theatre Association of Zambia. Masewero ake anali ochokera ku London, m'Chingerezi, ndipo pampikisano wa chaka ndi chaka woweruza nthawi zambiri ankachokera kunja. Munthu wakuda analibe mpando m'makalabu amenewa kwa zaka zambiri. Gulu la Waddington Players la ku Lusaka, limene linkasakaniza mitundu, linavutika kuti lilandiridwe m'bungwelo.

Magulu enieni a akatswiri a ku Britain ankafikanso mu Africa, kawirikawiri mothandizidwa ndi British Council. Mu 1963 gulu la Nottingham Playhouse linayenda m'maiko a kuzambwe kwa Africa ndi masewero a Shakespeare, ndipo Judi Dench, amene panthawiyo anali asanakwanitse zaka 30, anasewera ngati Lady Macbeth. Kumapeto kwa 1972 Peter Brook anatenga gulu lake lochokera ku Paris, m'menemo muli Helen Mirren, n'kudutsa nalo chipululu cha Sahara kukafika ku Niger ndi ku Nigeria. Akafika pamudzi ankayala kapeti pansi n'kuyamba kusewera pamaso pa aliyense wobwera. Ulendo wa Brook ndi wotchuka m'mabuku a zisudzo a ku Ulaya, koma funso limene gululo linkafufuza linali lawolawo, la mmene sewero lingamvekere popanda chilankhulo chogwirizana. Anthu a m'midziyo anali othandiza kuyankha funso la alendo.

Njira ina inatulukira m'mayunivesite. Ku Ibadan, m'dziko la Nigeria, Geoffrey Axworthy anayambitsa gulu loyendayenda la ophunzira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Ku Makerere, m'dziko la Uganda, David Cook ndi anzake anayambitsa Makerere Free Travelling Theatre pakati pa zaka zomwezo, ndipo ankasewera mwaulere m'zilankhulo zingapo. Onse awiri anali aphunzitsi ochokera ku Britain, koma osewera anali ana a m'maiko omwewo.

Chikwakwa

University of Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo posakhalitsa ophunzira anapanga gulu lawo la UNZADRAMS. Mphunzitsi wa zisudzo Michael Etherton, pamodzi ndi ophunzirawo, anamanga bwalo lapamtetete limene analitcha Chikwakwa. Dzinali ndi la Chinyanja, chida chotchetchera udzu, ndipo linasankhidwa dala: malowo analambulidwa ndi manja a ophunzira eni ake, ndipo zisudzo zake zinali za anthu wamba osati za ovala mataye a ku Lusaka Playhouse. Mu 1970, pamene atsogoleri a maiko osatenga mbali anasonkhana ku Lusaka, gululi linachita sewero lonena za Che Guevara. Mu Julaye 1971 ophunzira anachita zionetsero zotsutsa dziko la France pogulitsa zida ku South Africa, yunivesite inatsekedwa kwa kanthawi, ndipo Etherton pamodzi ndi mnzake Andrew Horn anathamangitsidwa m'dziko.

Ntchito sinaime. Patchuthi ophunzira ankakwera galimoto kupita m'zigawo, kukhala pasukulu ya sekondale kwa masiku angapo, kuphunzitsana ndi ana a pasukulupo, kenako kuyenda m'midzi ndi timasewero ta m'chilankhulo cha m'deralo, kaya Chinyanja, Chibemba, Chitonga kapena Chilozi. Nthano, nyimbo ndi magule zinalowa m'sewero ngati mizati yake. M'gulu limeneli ndi mozungulira munatuluka anthu amene anadzaumba zisudzo za Zambia: Kabwe Kasoma, mlembi wa masewero a Black Mamba onena za nkhondo yomenyera ufulu ndi Kenneth Kaunda, Mapopa Mtonga, amene anadzalemba kwambiri za Gule Wamkulu ndi masewera a ana, Dickson Mwansa, Masautso Phiri wa gulu la Tikwiza, ndi Stephen Chifunyise, mbadwa ya ku Zimbabwe. Mu 1975 kunabadwa bungwe la ZANTAA, loimira magulu a anthu akuda a m'makomboni, m'masukulu ndi m'makoleji, moyang'anizana ndi bungwe lakale la m'maholo.

Komabe ngakhale Chikwakwa chinali ndi chilema chake, chimene eni ake anachiona okha. Sewero linkaphikidwa ndi ophunzira, n'kukaperekedwa kumudzi litapsa kale. Anthu ankaseka, kuomba m'manja ndi kulowa m'bwalo kuvina, koma nkhani inali yosankhidwa ndi alendo.

Msonkhano wa 1979

Yankho lina linachokera ku Botswana. Mu 1974, kumpoto kwa dzikolo, atsogoleri a m'midzi pamodzi ndi aphunzitsi a sukulu za kwacha, Ross Kidd wa ku Canada ndi Martin Byram, anayambitsa ntchito yotchedwa Laedza Batanani. Maganizo awo anatsamira pa mphunzitsi wa ku Brazil Paulo Freire, amene ankaphunzitsa kuti munthu wamkulu saphunzira pouzidwa koma pokambirana za moyo wake. Kachitidwe kake kanali kotere: kufufuza mavuto a mudzi, kusankha ofunika kwambiri, kuwaika m'sewero, m'nyimbo, m'gule kapena m'zidole zoyankhula, kusewera pabwalo, kenako kukhala pansi ndi oonerera kukambirana chochita. Ku Kenya nako, mu 1977, alimi ndi antchito a ku Kamiriithu anali atamanga bwalo lawo ndi kusewera m'Chigikuyu pamodzi ndi Ngugi wa Thiong'o, mpaka boma linaletsa sewerolo n'kumutsekera mlembiyo osamuzenga mlandu.

Msonkhano wa ku Chalimbana unakonzedwa kuti njira ya ku Botswana ikumane ndi luso la Chikwakwa. Pakati pa otsogolera panali Stephen Chifunyise ndi David Kerr, mphunzitsi wochokera ku England amene anayamba waphunzitsa ku Chancellor College ku Malawi, kumene anali mmodzi mwa oyambitsa gulu la alembi la pakolejipo mu 1970, asanasamukire ku University of Zambia. Kunabweranso anthu odziwa ntchito ya Laedza Batanani ndi nthumwi za maiko ena a m'chigawo chino. Sanali ochita zisudzo okhaokha. Munali aphunzitsi ndi alangizi a zachitukuko, anthu amene ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku inali kuyankhula ndi alimi.

Anagawana m'magulu, gulu lililonse n'kupita kumidzi yozungulira kolejiyo kukacheza ndi anthu. Pobwerako ankasanthula zimene amva, kusiyanitsa dandaulo ndi gwero lake, n'kuyamba kuyeserera popanda pepala. Pamapeto pake masewero aja anabwezedwa kumidzi komwe nkhani zake zinachokera, ndipo sewero likatha pankakhala zokambirana.

Chimene chinapatsa mphamvu masewero a ku Chalimbana n'chakuti osewera ambiri a ku Zambia anali atazolowera kale bwalo la kumudzi. Ankadziwa kuti ng'oma ndiyo imaitana anthu, kuti nyimbo yodziwika imachititsa amayi kuyankha osapemphedwa, ndiponso kuti woonerera wa kumudzi sakhala duu: amadzudzula munthu woipa m'sewero, amalangiza wopusitsidwa, nthawi zina amadzuka n'kulowa m'bwalo. Ku holo ya m'tauni zimenezi zimaonedwa ngati chisokonezo. Pabwalo ndiye poyambira zokambirana.

Zofooka zake zinalembedwa ndi otsogolera eni ake, ndipo n'zimene zapangitsa msonkhanowu kukhala phunziro mpaka lero. Choyamba chinali chilankhulo. Ambiri mwa obwera sankadziwa Chisoli, choncho zambiri zinkadutsira m'Chinyanja kapena mwa womasulira. Gogo amene akufotokoza vuto lake m'chilankhulo chobwereka amadula mawu, ndipo mwambi umene ukanaulula nkhani yonse umatsalira pakhosi. Chachiwiri, anthu a m'midzi anafunsidwa mafunso ndi kuonetsedwa sewero, koma poumba sewerolo sanalipo mokwanira; kusanthula kunachitikira kukoleji. Chachitatu ndiye chowawa kwambiri. Patapita masiku owerengeka alendo anakwera galimoto n'kubwerera kwawo, ndipo panalibe dongosolo lolimba loti zimene zinakambidwa pabwalo zitsatiridwe. Sewero likhoza kutsegula pakamwa pa anthu za vuto la madzi kapena msewu, koma silikumba chitsime. Kudzutsa chiyembekezo cha anthu osauka kenako n'kuchoka si chinthu chopepuka, ndipo amene amatamanda msonkhanowu ayenera kutchulanso zimenezi.

Zotsatira zake

Ku Zambia kunachitika misonkhano ina yofanana nayo m'zigawo, ndipo m'zaka za m'ma 1980 magulu a m'makomboni, monga la ku Kanyama mu Lusaka, anayamba kudya za thukuta lawo poyenda m'masukulu ndi m'midzi ndi masewero a zaumoyo ndi zachitukuko. Edzi itafika, mabungwe anapeza njira ili kale yolambulidwa, ngakhale kuti nthawi zambiri anaigwiritsa ntchito pongopereka uthenga wokonzedwa ku ofesi, chinthu chomwe a ku Chalimbana ankafuna kuchithawa.

David Kerr anabwerera ku Malawi, kumene pamodzi ndi Chris Kamlongera ndi Chancellor College Travelling Theatre anachititsa msonkhano wa ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, mu 1981. Pakati pa zaka za m'ma 1980 gululo linagwira ntchito ndi azaumoyo m'midzi ya kufupi ndi Liwonde, ndipo kumeneko sewero linkaimitsidwa pakati, osewera n'kufunsa oonerera kuti nkhani ipite kuti. Buku la Kerr, African Popular Theatre, la mu 1995, limafotokoza mbiri yonseyi. Chifunyise anabwerera ku Zimbabwe dzikolo litalandira ufulu, anatenga mbali pamsonkhano waukulu wa ku Murewa mu 1983, ndipo mu 1989 anali mmodzi mwa oyambitsa CHIPAWO, bungwe la zaluso la ana. Anamwalira mu 2019.

Ubale ndi ochita zisudzo a ku Britain sunathe, unangosintha maonekedwe. Ku Blantyre, Kate Stafford anali mmodzi mwa oyambitsa Nanzikambe Arts mu 2003, ndipo pambuyo pake gulu lake la Bilimankhwe linatengera osewera a ku Malawi ku Britain, ulendo wobwerera kumene unali wosowa m'masiku akale. Ku Lusaka, Barefeet Theatre inayamba mu 2006 pamene Adam McGuigan wa ku Northern Ireland anagwirizana ndi achinyamata a ku Zambia, ena mwa iwo oti anakhalapo m'misewu, kugwiritsa ntchito zisudzo pothandiza ana ongoyendayenda m'tauni.

Ulendo waukulu koposa wa mtundu wakale uja, wa akatswiri a ku Britain oyendera maiko, unachitika kuyambira pa 23 Epulo 2014 mpaka pa 23 Epulo 2016, pamene Shakespeare's Globe ya ku London inayenda ndi Hamlet m'maiko 197. Otsogolera sewerolo anali Dominic Dromgoole ndi Bill Buckhurst, osewera anali 12, ndipo Ladi Emeruwa, wobadwira ku Nigeria, ankasinthana ndi Naeem Hayat pokhala Hamlet. Katundu wawo yense ankalowa m'mabokosi amene ankasandukanso nsanja. Kumene nkhondo inawatsekera njira ankasewerera anthu othawa kwawo, monga kumsasa wa Zaatari ku Jordan. Ku Zambia ndi ku Malawi anafikako mu 2015, koma ulendo wa maiko ochuluka chotere sulola kukhalitsa: m'maiko ambiri ankasewera kamodzi kokha, m'Chingerezi, n'kupitirira.

Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, pamene alendo obwera ku Lusaka amatera, lili m'boma la Chongwe lomweli. Ochoka pabwalopo akafika pamsewu wa Great East ambiri amakhotera kumadzulo, kulowera m'tauni kumene kuli maholo. Njira ya ku Chalimbana ndi ya kum'mawa.