Mbiri ya Matenda Otupitsa Mizu ya Kanola ku Canada

M'chaka cha 1878, Mikhail Woronin wa ku Russia adapeza kachirombo kotchedwa Plasmodiophora brassicae, kamene kamatupitsa mizu ya kabichi mpaka mbewu kufota. Matendawa adapezeka m'minda ya kanola, mbewu yamafuta ya mtundu wa repu, pafupi ndi Edmonton ku Alberta mu 2003, ndipo adafala ndi dothi lomatirira ku makina olimira. Mbewu yopirira matendawa idatulutsidwa mu 2009, koma pofika 2013 kachiromboka kadayamba kuigonjetsa m'minda yobzalidwa kanola pafupipafupi. Popeza kamatha kukhala m'nthaka zaka zoposa 15, alangizi kumeneko adalimbikitsa kasinthasintha wa mbewu wopumitsa munda zaka zosachepera ziwiri, kuthira laimu, ndi kutsuka zipangizo pochoka m'munda uliwonse.