Pulofesa Deborah Brautigam: katswiri wofufuza za ngongole ndi chuma cha pansi pakati pa China ndi Africa

Pulofesa Deborah Brautigam ndi mayi wa ku America amene watha zaka zoposa 30 akufufuza momwe dziko la China limachitira ubale ndi maiko a mu Africa pa nkhani za thandizo, ngongole, minda ndi chuma cha pansi monga mafuta ndi kopa. Iwo amadziwika kwambiri chifukwa cha khalidwe lawo losakhulupirira chiwerengero chongolengezedwa pamsonkhano, mpaka atapita okha kukaona ngati ndalamazo zinaperekedwadi ndiponso ngati ntchitoyo inagwiridwa.

Mayi Brautigam anaphunzira Chitchaina ku Taiwan ndipo mu 1983 anayamba kafukufuku kumadzulo kwa Africa, komwe anayendera minda ya mpunga yomwe akatswiri a ku China anakhazikitsa ku Liberia, Sierra Leone ndi Gambia. Pa nthawiyo nkhaniyi inkaoneka yopanda ntchito kwa ophunzira ambiri, popeza China linali dziko losauka. Anatenga digiri ya udokotala ku Fletcher School ya Tufts University mu 1987, ndipo anaphunzitsa ku Columbia University ndi ku American University asanapite ku sukulu ya SAIS ya Johns Hopkins University mu 2012. Kumeneko anakhazikitsa nthambi ya kafukufuku yotchedwa China Africa Research Initiative (CARI) mu 2014.

Buku lomwe linawatchukitsa ndi The Dragon's Gift la mu 2009. M'bukuli anafotokoza kuti ndalama zambiri zomwe manyuzipepala ankazitcha thandizo la China sizinali thandizo ayi, koma ngongole zamalonda zochokera ku mabanki a boma monga China Eximbank, zomwe zimabwezedwa ndi chiwongoladzanja. Kusiyanitsa kumeneku ndi kofunika kwa wogwira ntchito ku nthambi ya zachuma, chifukwa mphatso ndi ngongole sizilowa m'kaundula mmodzi.

Chitsanzo chachikulu chinali cha Angola. Nkhondo yapachiweniweni itatha mu 2002, dzikolo linkafuna ndalama zokonzera misewu, njanji, zipatala ndi magetsi, koma zokambirana zake ndi bungwe la IMF sizinkayenda chifukwa cha mafunso okhudza kayendetsedwe ka ndalama za mafuta. Mu 2004 China Eximbank inapereka ngongole ya madola 2 biliyoni. Ndalama zogulitsa mafuta ena a Angola zinkaikidwa mu akaunti yapadera yobwezera ngongoleyo, ndipo gawo lalikulu la ntchito linkapita kwa makampani a ku China, omwe ankalipidwa ndi bankiyo mwachindunji.

Ambiri anaitcha njirayi yachilendo, koma Pulofesa Brautigam anaonetsa kuti China linaiphunzira kwa Japan. Mu 1978 maiko awiriwa anasainirana mgwirizano woti Japan lipereke makina ndi luso lamakono za madola pafupifupi 10 biliyoni, ndipo China libweze ndi mafuta ndi malasha. China lomwe linali lolandira ndilo linadzakhala lopereka, pogwiritsa ntchito ndondomeko yomweyo. Anakumbutsanso kuti mabanki a ku Ulaya anali atabwereketsa kale Angola ndalama potenga mafuta ngati chikole. Njira yofanana nayo inagwiritsidwa ntchito ku Ghana mu 2007, pomwe koko anakhala chikole cha ngongole yomangira damu la Bui, komanso ku Democratic Republic of Congo pa mgwirizano wa Sicomines wa kopa ndi cobalt, womwe unatsitsidwa kuchoka pa madola 9 biliyoni kufika pa 6 biliyoni mu 2009 bungwe la IMF litadandaula.

Vuto la ngongole zotere linaonekera mtengo wa mafuta utagwa mu 2014. Angola linayenera kutumiza mafuta ochuluka kuti likwanitse kubweza ndalama zomwezo, ndipo otsala ogulitsa kuti boma lipeze ndalama zoyendetsera dziko anachepa.

Mu 2015 anatulutsa buku lina, Will Africa Feed China?, lomwe linafufuza mphekesera yoti China likulanda minda mu Africa kuti lidyetse anthu ake. Iwo ndi anzawo analondola malipoti a malo okwana mahekitala pafupifupi 6 miliyoni ndipo anapeza kuti omwe makampani a ku China anatengadi anali pafupifupi 240,000 okha.

Mkangano waukulu pa ntchito yawo unabuka pa mawu oti msampha wa ngongole, omwe katswiri wa ku India, a Brahma Chellaney, anawatchukitsa mu 2017. Ganizo lake ndi loti China limabwereketsa dala ndalama zomwe dziko silingathe kubweza, kuti pambuyo pake lilande katundu. Umboni womwe unkatchulidwa kawirikawiri unali doko la Hambantota ku Sri Lanka. M'nkhani yomwe analemba ndi Pulofesa Meg Rithmire m'magazini ya The Atlantic mu 2021, Mayi Brautigam anatsutsa zimenezi. Anafotokoza kuti mu 2017 Sri Lanka linabwereketsa dokolo kwa zaka 99 ku kampani ya China Merchants pa mtengo wa madola 1.12 biliyoni pofuna ndalama zakunja, ndipo ngongole ya Eximbank sinafafanizidwe.

Owatsutsa amati iwo amafewetsa kwambiri mlandu wa China. Kafukufuku wa How China Lends wa mu 2021, yemwe anaunika makontirakiti 100, anapeza kuti ambiri anali ndi ndime zoletsa kuulula zomwe zalembedwamo komanso zopatsa wobwereketsa mpata wolipidwa ena asanalipidwe. Komabe sizoona kuti ziwerengero za CARI zinkangokomera China. Zambia italephera kubweza ngongole mu November 2020, nthambiyi inapeza mu 2021 kuti dzikolo linali ndi ngongole ya madola pafupifupi 6.6 biliyoni kwa obwereketsa a ku China, pafupifupi kuwirikiza kawiri yomwe boma la nthawiyo linkanena.

Dziko la Malawi linakhazikitsa ubale ndi China mu December 2007 litasiyana ndi Taiwan, ndipo mwa ntchito zomwe zinatsatira munali zamphatso, monga Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, ndi zangongole, monga Bingu International Convention Centre. Kaundula wa ngongole za China ku maiko a mu Africa yemwe CARI inayambitsa anasamutsidwira ku Global Development Policy Center ya Boston University mu 2021.