Mbiri ya Nkhokwe ya Mankhwala m'Dziko Lathu

M'phunziro lathu la mbiri lero tikamba za cinthu cimene aliyense wa inu anacigwirapo m'manja. Tiyerekeze kuti mng'ono wanu wagwidwa ndi malungo usiku. M'mamawa amai anu amubereka kupita naye ku kiliniki, ndipo namwino awapatsa mankhwala. Kodi mankhwalawo anagula ndani? Nanga ndani anadziwa kuti adzafunika pa kiliniki yanuyo? Dziko lathu lalimbana ndi mafunso awiriwa kwa zaka zambiri.

Poyamba timvane pa liwu limodzi. Liwu loti "boma" lili ndi matanthauzo awiri. Pali Boma lalikulu, limene likulu lake lili ku Lusaka, ndiponso pali maboma ang'ono-ang'ono monga Katete, Petauke ndi Lundazi. Nkhani yathu ndi ya m'mene Boma lalikulu ndi mabomawa akhala akugawirana nchito yogula ndi kupereka mankhwala.

M'nthawi ya atsamunda zipatala zazikulu zinali m'matauni a m'mbali mwa njanji ndi ku migodi. Anthu ambiri a kumidzi anali kudalira zipatala za mishoni, monga Mwami kufupi ndi Chipata ndi St Francis ku Katete. Dziko litalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, Boma la a Kenneth Kaunda linamanga zipatala ndi makiliniki ambiri, ndipo odwala anali kuthandizidwa kwaulere. Makiliniki ataculuka, panafunika malo amodzi osungiramo mankhwala a dziko lonse. Cotero mu 1976 panakhazikitsidwa kampani ya Boma yochedwa Medical Stores Limited ku Lusaka. Iyi ndiyo inakhala nkhokwe yaikulu.

Mwina mufunsa kuti: cifukwa ninji boma lililonse silinangodzigulira lokha? Zifukwa zake zilipo zitatu. Coyamba, wogula zambiri nthawi imodzi amagula pa mtengo wotsika, monga momwe thumba la mcere limatsikira mtengo kuposa kugula ndi kasupuni. Caciwiri, mankhwala ambiri amacokera kunja kwa dziko, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zimene zimasungidwa ndi Boma lalikulu. Cacitatu, mankhwala ayenera kuyesedwa ndi akatswiri kuti adziwike ngati ali enieni, ndipo akatswiri otere sapezeka m'boma lililonse.

Koma nkhokweyi inamangidwa pa nthawi yobvuta. Ca m'ma 1975 mtengo wa mkuwa unatsika kwambiri, ndipo ndalama zakunja zinayamba kusowa. Dziko linafunika kusankha bwino zoti ligule. Mu 1977 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi, la WHO, linalemba mndandanda wa mankhwala pafupi-fupi 200 ofunika koposa, kuti maiko osauka ayambe agula amenewo. M'zaka za m'ma 1980 makiliniki a kumidzi anayamba kulandira mabokosi omata, m'mene munali mankhwala osankhidwa kale a matenda ofala.

Mabokosiwa anathandiza, pakuti ngakhale kiliniki yakutali inali kulandirako kanthu. Koma anali ndi bvuto limodzi lalikulu. Za m'kati mwake zinali zofanana kulikonse, pamene matenda safanana kulikonse. Kiliniki ya kudera kumene malungo ali oculuka inali kutha mankhwala a malungo msanga, pamene mankhwala ena anali kukhala pa shelufu mpaka nthawi yake yogwira nchito itatha. Wosankha anali ku Lusaka, koma wodziwa odwala anali kumudzi.

Boma litasintha mu 1991, atsogoleri atsopano anaganiza zopereka mphamvu ku maboma. Kusinthaku kunayamba mu 1992, ndipo mu 1995 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokhazikitsa bungwe la Central Board of Health pamodzi ndi mabungwe a zaumoyo m'maboma. Boma lililonse tsopano linali kulandira ndalama zake, kukonza mapulani ake, ndi kuitanitsa mankhwala ku nkhokwe ya ku Lusaka. Linaloledwanso kugwiritsa nchito gawo laling'ono la ndalamazo kugula mankhwala pa nthawi ya mwadzidzidzi.

Njira imeneyi inaika mtolo wolemera pa ofesi ya zaumoyo ya pa boma. Ofesiyo inafunika kusonkhanitsa malipoti a makiliniki onse, kuwerengera zofunika, kusunga mankhwala, kuwagawa, ndi kuwapereka pa miseu yoipa, makamaka m'nyengo ya dzinja. Anchito odziwa za mankhwala anali ocepa, magalimoto naonso anali ocepa. Motero kawiri-kawiri mankhwala anali kupezeka ku Lusaka kapena pa boma, koma pa kiliniki palibe. Akulu-akulu anati, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Kwa mwana wodwala, mankhwala ake ndi amene ali m'manja mwa namwino. Mu 2006 bungwe la Central Board of Health linathetsedwa, ndipo nchito zake zinabwerera ku Unduna wa Zaumoyo.

Tsopano mverani bwino, pakuti apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Mu 2009 ndi 2010 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi World Bank ndi mabungwe ena, unayesa njira zosiyana m'maboma 24. M'maboma 8 zinthu zinasiyidwa monga kale. M'maboma ena 8 mankhwala anapitiriza kusungidwa pa boma, koma panaikidwa munthu wapadera woyang'anira kawerengedwe kake. M'maboma 8 otsala, kiliniki iliyonse inali kulemba yokha zimene ifuna, nkhokwe ya ku Lusaka inali kulonga mabokosi olembedwa dzina la kilinikiyo, ndipo nchito ya pa boma inali kungowapereka osawatsegula.

Njira yacitatuyi ndiyo inapambana. Poyamba, pa makiliniki 100 alionse, pafupi-fupi 48 anali kupezeka alibe mankhwala a malungo a ana. Pambuyo pake ciwerengeroco cinatsika kufika pa 13. Masiku okhala opanda mankhwalawo pa miyezi itatu anatsika kucoka pa 27 kufika pa 5. Cimene cinasintha ndico cakuti mau a namwino anafika kwa wosunga nkhokwe popanda kucedwa panjira.

M'zaka zotsatira panamangidwa nkhokwe zina m'zigawo, monga ku Choma, Chipata, Mongu, Mansa ndi Mpika, kuti ulendo wa mankhwala ufupike. Mu 2019 panapangidwa lamulo lokhazikitsa bungwe la ZAMMSA, limene mu 2021 linalowa m'malo mwa Medical Stores Limited. Bungweli linapatsidwa nchito zitatu pamodzi: kugula, kusunga ndi kugawa.

Ngakhale zili tero, malamulo okha sakwanira ngati anthu sali okhulupirika. Mu Meyi 2025 boma la America linalengeza kuti licepetsa thandizo lake la mankhwala ku Zambia ndi madola 50 miliyoni pa caka, ponena kuti mankhwala operekedwa kwaulere anali kubedwa ndi kugulitsidwa m'masitolo. Wakuba mankhwala amabera mwana wodwala wa m'mudzi mwake momwe.

Mbiri imeneyi itiphunzitsa kuti kugula kumayenda bwino dziko likagula pamodzi, koma kudziwa zofunika kumayambira pa kiliniki. Nchito ya pa boma ndiyo kulumikiza mbali ziwirizi mokhulupirika ndi mwamsanga.

Aphunzitsi, thandizani ana kujambula mapu oonetsa njira imene mankhwala amayenda kucokera ku Lusaka kufika pa kiliniki ya kwanu. Ngati nkotheka, pemphani namwino kuti abwere adzaonetse kalasi m'mene amalembera mankhwala olowa ndi otuluka. Ana inu, yankhani mafunso awa m'mabuku anu: Kodi mabokosi omata aja anali ndi ubwino wotani, nanga bvuto lake linali ciani? Cifukwa ninji njira yacitatu inapambana? Tsalani bwino mpaka tidzakumanenso m'phunziro lotsatira.