Gion Matsuri: chikondwerero chimene chinabadwa ndi mliri

Pa 17 Julaye chaka chilichonse, misewu ikuluikulu ya pakati pa mzinda wa Kyoto ku Japan imatsekedwa kuti mudutse ngolo zamatabwa. Zazikulu mwa ngolozi amazitchula kuti hoko. Kuchokera pansi kufika kunsonga ya mtengo wapadenga pake ndi mamita pafupifupi 25, ndipo yolemera kwambiri imafika matani 12. Injini palibe, chiwongolero palibe. Amuna makumi anayi kapena asanu ndiwo amaikoka ndi zingwe ziwiri zikuluzikulu. Ikafika pamphambano, amisiri amayala nsungwi zong'amba pansi pa magudumu akutsogolo, kuzithira madzi kuti ziterere, kenako gulu lonse limakokera cham'mbali. Ngoloyo imalira, imagwedezeka pamodzi ndi oimba zitoliro amene akhala pamwamba, n'kutembenuka pang'ono. Amayalanso nsungwi, amakokanso, mpaka italunjika msewu winawo.

Alendo ochokera kunja amakhamukira pamphambano zimenezi ndi makamera awo. Ambiri amabwerera kwawo akuti aonera perete. Koma chimene aonacho ndi pemphero lothamangitsa matenda, ndipo lakhala likuchitika kwa zaka zoposa 1,150.

Kyoto anakhala likulu la Japan mu 794. Mzindawu uli m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julaye kumagwa mvula yambiri, kumatentha, mpweya n'kumachita chinyontho. Kale mtsinje wa Kamo ukasefukira, madzi akumwa ankaipa, anthu n'kumangofa. Anthu a nthawiyo ankakhulupirira kuti mliri umabwera ndi mizimu yokwiya ya anthu amene anafa atachitiridwa nkhanza. M'chaka cha 869 mliri unavuta kwambiri. Chinali chaka chomwecho pamene chivomezi ndi mafunde aakulu zinasakaza kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, patangopita zaka zisanu phiri la Fuji litaphulika. A kunyumba ya mfumu analamula kuti m'munda wa Shinsen-en muzikidwe mikondo 66, umodzi kuimira chigawo chilichonse cha Japan wa nthawiyo, ndipo anapembedza mulungu wa kukachisi wa Gion, kachisi amene lero amatchedwa Yasaka. Poyamba mwambowu unkachitika mliri ukabuka basi. Cha m'ma 970 unasanduka wa chaka ndi chaka.

Mikondo ija inakula pang'onopang'ono, anaiika pamagudumu, mpaka inasanduka ngolo. Koma chimene chinasintha chikondwererochi kwambiri ndi nkhondo. Kuyambira 1467 mpaka 1477, nkhondo ya Onin inatentha mbali yaikulu ya Kyoto, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu ngolo sizinatuluke. Zitatulukanso mu 1500, amene anasenza ntchitoyo anali amalonda ndi amisiri a mumzindamo, aliyense ndi anzake a mumsewu mwake. Chaka chomwecho anayamba kuchita maere pofuna kuthetsa mikangano ya amene atsogole, ndipo maerewo amachitikabe pa 2 Julaye kuholo ya khonsolo ya mzinda. Mu 1533 boma la asilikali linalamula kuti miyambo ya kukachisi iimitsidwe. Anthu a m'misewu anapempha kuti ngakhale zakukachisi zilephereke, awalole kukoka ngolo zawo. Pamenepa m'pamene mwini chikondwerero anadziwika, ndipo ine ndimaona kuti n'chifukwa chake chidakalipo. Maboma anagwa, mfumu inasamukira ku Tokyo mu 1869, koma ngolo iliyonse inatsala m'manja mwa msewu wake, umene umaisunga, kuikonza ndi kusonkha ndalama zake.

Ambiri mwa amalondawo ankagulitsa nsalu za kimono ndipo analemera. Misewu inayamba kupikisana pokongoletsa ngolo, aliyense kufuna nsalu imene mnzake alibe. Anagula makalipeti a ku Persia ndi ku India, nsalu zopeta za ku China, ngakhale nsalu zapakhoma zolukidwa ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Ngolo ya Koi-yama ili ndi nsalu yolukidwa ku Brussels yosonyeza nkhani ya nkhondo ya ku Troy. Ya Kanko-hoko ili ndi nsalu ya Rebeka pachitsime, nkhani ya m'buku la Genesis, ndipo inkayenda poyera m'misewu ya Kyoto m'zaka zimene Chikhristu chinali choletsedwa ku Japan. Masiku ano nsalu zina zakalezo amazisunga, pangolo n'kukolekapo zatsopano zolukidwa mofanana nazo.

Moto nawo sunaleke. Mu 1788 unapsereza pafupifupi mzinda wonse, ndipo mu 1864 nkhondo ya pazipata za nyumba ya mfumu inayatsanso wina umene unawononga ngolo zambiri. Misewu ina inamanganso msanga, ina inatenga mibadwo. Ofune-hoko, ngolo yooneka ngati ngalawa imene inapsa mu 1864, inabwereranso pamsewu mu 2014, patatha zaka 150. Taka-yama inasiya kuyenda itawonongeka ndi chimvula mu 1826, ndipo inatulukanso mu 2022. Kwa zaka zonsezo anthu a mumsewu wake ankasunga zidole zitatu za pangoloyo, chaka chilichonse n'kumaziika poonekera kuti ana asaiwale kuti kwawo kunali ngolo. Lero ngolo zonse ndi 34: pa 17 Julaye pamayenda 23, pa 24 Julaye 11.

Mlendo wofuna kumvetsa ntchitoyi afike cha pa 10 Julaye, pamene amisiri amayamba kumanga. Sagwiritsa ntchito msomali ngakhale umodzi. Mitanda yonse amaimanga ndi zingwe za mapesi a mpunga, kuzikulunga mwaluso kotero kuti mfundo zake zimaoneka ngati zokongoletsa, chonsecho pambuyo pake zidzabisika ndi nsalu. Chingwe chimalola matabwa kugwedera osathyoka ngolo ikamayenda. Usiku wa pa 14, 15 ndi 16 ngolo zimaima m'misewu yake zitayatsidwa nyali zamapepala, oimba akuliza ng'oma, zitoliro ndi timabelu tachitsulo. Mabanja akale amatsegula zipinda zakutsogolo kuti odutsa aone zotchinga zojambulidwa zimene makolo awo anasiya. Ana ovala mikanjo yopepuka ya yukata amagulitsa chimaki, timitolo ta masamba touma timene alendo ena amayesa chakudya. Si chakudya, ndi chithumwa chokoleka pamwamba pa khomo chaka chathunthu. Chimakumbutsa nthano ya Somin Shorai, mmphawi amene analandira mlendo wosadziwika m'nyumba mwake pamene mbale wake wolemera anamukana. Mlendoyo anali mulungu, ndipo analonjeza kuti mliri sudzakhudza zidzukulu za mmphawiyo.

Ngolo yotsogolera pa 17 Julaye siichita nawo maere. Nthawi zonse ndi Naginata-hoko, yokhayo imene imanyamulabe mnyamata wamoyo, pamene zina zinaikapo zidole. Mnyamatayo amamupaka nkhope yoyera, kumuveka chisoti chagolide, ndipo mwamuna wamphamvu amamunyamula paphewa pokwera ngolo kuti phazi lisaponde dothi. Iye ndiye amadula ndi lupanga chingwe chopatulika chotchinga msewu wa Shijo, ulendo n'kuyamba. Ngolo zikamaliza kuzungulira amaziphwasula msanga, poti amakhulupirira kuti zatolera mizimu ya matenda ndipo siyenera kupatsidwa mpata wobwerera. Madzulo ake, alendo ambiri atapita kale kumahotela, amuna mazanamazana amasenza pamapewa timakachisi titatu tochokera ku Yasaka. Kwa ansembe, chimake cha mwambo ndi chimenechi. Ngolo zimangolambula njira.

Zokopa alendo zinayamba kusintha mwambowu nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Mu 1956 njira inasinthidwa kuti ngolo zizidutsa msewu wotakasuka wa Oike, kumene kungakwane owonerera ambiri. Mu 1966 maulendo awiri aja, a pa 17 ndi pa 24 Julaye, anawaphatikiza kukhala tsiku limodzi, mpaka eni ake anawabwezeretsa mu 2014. Bungwe la UNESCO linaika mwambo wa ngolozi pamndandanda wake mu 2009. Mu 2020 ndi 2021 ngolo sizinayende chifukwa cha Covid-19, chinthu chimene chinawawa anthu a ku Kyoto kwambiri, poti mliri ndiwo unayambitsa zonsezi. Ansembe anapitiriza mapemphero ndi anthu ochepa, ndipo mu 2021 misewu ina inamangabe ngolo zake osazikoka, kuopa kuti manja a amisiri angaiwale mfundo za zingwe.

Mkangano wa masiku ano ndi wa ndalama. Kusamala nsalu za zaka mazana anayi n'kodula, ndipo misewu imene kale munali mabanja a amalonda lero mwadzaza maofesi ndi mahotela. Mu 2023 bungwe loona zokopa alendo mumzindawu linagulitsa mipando yapadera pa mayeni 400,000 umodzi, yokhala ndi zakudya ndi mowa. Chaka chotsatira wansembe wamkulu wa ku Yasaka anadandaula poyera kuti mwambo wa mapemphero sungaonedwe ngati chionetsero anthu akumwa. Mipandoyo inatsala, koma mowa anauchotsa.